Apongozi ali ndi maola 6 pa bwalo la ndege la Harare: kadzutsa akadyere kuti?

Funso lachokera kwa bambo wina wokhala ku Mufakose, dera la mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Apongozi ake aakazi, amene anapita ku Bulawayo kukaona mwana wawo wamwamuna, akubwerera ku Malawi kudzera muno mu Harare. Ndege yochokera ku Bulawayo idzatera cha m'ma 8 koloko m'mawa, yopita ku Lilongwe idzanyamuka cha m'ma 2 koloko masana, ndipo matikiti awiriwa anagulidwa padera ku makampani osiyana. Mayiwo ali ndi matenda a shuga ndipo amamwa mankhwala m'mawa uliwonse. Bamboyu ndi akunyumba kwake akufuna kukawatenga kuti akadye kadzutsa ku Mufakose, akaone adzukulu, kenako awabweze ku bwalo la ndege. Akufunsa ngati zimenezi n'zotheka, ndipo ngati n'zosatheka, akufuna kudziwa kumene angapeze kadzutsa woyenera pafupi ndi bwalolo.

Bambo, mtima wanu ndaumva, ndipo palibe munthu woleredwa bwino amene angasangalale kuti apongozi ake adutse mumzinda umene iye amakhala osalawako ngakhale madzi a pakhomo pake. Komabe malangizo anga ndi akuti musawatengere ku Mufakose. Phikani kadzutsayo kunyumba, munyamule ana ndi mayi awo, mukawapeze agogo ku bwalo la ndege komweko. Pa ulendo ngati uwu chakudya ndicho chiyenera kuyenda, mlendo akhale pafupi ndi ndege yake.

Maola 6 amene mukuwaona pa matikiti si maola amene muli nawo m'manja. Nthawi ya munthu wosintha ndege imawerengedwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa ola limene ndege yachiwiri idzanyamuke. Pa ulendo wotuluka m'dziko, makampani a ndege amalangiza kuti wokwera afike pa kauntala kutatsala maola awiri kapena atatu, ndipo ambiri amatseka kauntalayo kutatsala pafupifupi ola limodzi, mosayang'ana kuti wachedwayo ndi gogo kapena mnyamata. Akapereka masutikesi, apongozi anu ayenerabe kudutsa pamene amafufuza katundu wa m'manja, akadinditse pasipoti kwa oona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndiyeno ayende mpaka pa geti, ndipo munthu wachikulire sachita zonsezi mothamanga. Choncho pofika hafu pasiti 11 akhale ataima pa mzere wa kauntala. Mbali ya m'mawa nayo imadya nthawi yake. Ndege ikatera pa 8 koloko, kutsika, kudikira masutikesi ndi kutuluka panja zimatha kutenga theka la ola kapena kuposerapo, ndipo popeza matikiti ndi osiyana, katunduyo sadzapitirira yekha ku Lilongwe; ayenera kumutenga ndi kukamuperekanso ku mbali ya maulendo akunja. Mukawerengera bwino, zotsala ndi maola osakwana atatu, ndipo kumeneko n'kuganiza kuti ndege ya ku Bulawayo yasunga nthawi.

Nkhani ya matikiti osiyanayi ndiyo imene anthu ambiri saidziwa mpaka itawapweteka. Munthu akagula ulendo wonse pa tikiti imodzi, ndege yoyamba n'kuchedwa, kampani imakhala ndi udindo womupezera malo pa ndege ina. Koma matikiti akakhala awiri, kampani yachiwiri sikhudzidwa ndi zimene zachitika pa ndege yoyamba kapena pa msewu. Kwa iyo munthuyo sanafike basi, ndipo malinga ndi mtundu wa tikiti, amalipitsidwa chindapusa kapena amagula tikiti ina yatsopano. Ndege za pakati pa Harare ndi Lilongwe si zochuluka ngati za ku Johannesburg, choncho kuphonya imodzi kungatanthauze kugona kuno, mankhwala amene anawerengera masiku a ulendo akutha.

Tsopano taonani mtunda. Bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, limene mpaka mu 2017 linkatchedwa Harare International Airport, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kumwera kwa pakati pa mzinda, pamene Mufakose ali kumadzulo. Kuti mufike kunyumba muyenera kudula mbali yonse ya kumwera kwa Harare, kumene kuli mafakitale, malole ndi makombi (maminibasi), ndiponso kumene magalimoto ochokera ku Chitungwiza amathithikana mu Seke Road m'mawa uliwonse wa tsiku la ntchito. Inu mukuidziwa njirayi kuposa ine, ndipo mukudziwa kuti tsiku labwino imatenga pafupifupi mphindi 45, tsiku loipa imapitirira ola. Kupita ndi kubwera, pakhomo mutsala ndi ola limodzi lokha. Pamwamba pa zimenezi pali zinthu zimene palibe angazilosere: maloboti ozima chifukwa magetsi apita, apolisi oimitsa magalimoto, mvula yamphamvu ya pakati pa November ndi March imene imadzaza madzi m'maenje a mumsewu, ndiponso mdipiti wa galimoto za mtsogoleri wa dziko, umene ukamadutsa mu msewu wa ku bwalo la ndege aliyense amapatuka n'kuima mpaka utatha.

Ngakhale msewu utakhala woyera, ola limodzilo silingakwane, ndipo chifukwa chake ndi mwambo wathu womwe. Mayi wochokera kumudzi sangalowe m'nyumba ya ku Mufakose n'kutulukamo mwakachetechete. Anansi amene makolo awo anachokera ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi adzamva kuti kwabwera alendo ochokera kwathu, adzabwera kudzapereka moni, aliyense adzafuna kufunsa za mvula, za maliro ndi za abale, wina adzafuna kutumiza kaphukusi, ndipo chakudya chisanafike pamphasa padzakhala pemphero. Zonsezi n'zabwino, koma zimafuna tsiku lathunthu. Mukazipanikiza mu ola limodzi, inuyo mkamwini ndi amene mudzaime pakhomo mukuyang'ana wotchi ndi kufulumizitsa apongozi pamaso pa anthu, ndipo chimenecho chidzakuchotserani ulemu umene mumafuna kuonetsa.

Chifukwa chachikulu koposa ndi matenda a shuga. Kuti akwere ndege ya m'mawa, apongozi anu adzakhala atadzuka kusanache, ndipo ulendo wa pandege wochokera ku Bulawayo sukwana ola, kotero musayembekezere kuti adzapatsidwa chakudya chenicheni m'mwambamo. Ngati amwa mankhwala asananyamuke koma osadya mokwanira, shuga angatsike kwambiri m'thupi, makamaka ngati amabaya insulin kapena amamwa mapiritsi a glibenclamide. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, chizungulire, kulankhula mosokonekera kapena kukwiya popanda chifukwa, ndipo zikafika poipa munthu amakomoka. Mapiritsi a metformin nawo amamwedwa pamodzi ndi chakudya kuti asavutitse m'mimba. Mukawatengera kunyumba, kadzutsa adzafika pakamwa cha m'ma 10 koloko. Mukabwera ndi kadzutsayo ku bwalo la ndege, adzadya 9 koloko isanakwane. Kwa wodwala shuga ola limenelo ndi lalikulu.

Kadzutsa wonyamulayo asakhale wapamwamba, akhale amene mayiwo anazolowera. Mwana wawo, amene ndi akunyumba kwanu, akudziwa bwino zimene amakonda, koma ine ndikanasankha phala la mgaiwa lothira chiponde kapena nsinjiro, lopanda shuga, mazira awiri owiritsa, ndi mbatata yowiritsa pang'ono kapena futali, kapena magawo awiri a buledi wa bulawuni m'malo mwa mbatatayo. Phala ndi mbatata zonse zimakweza shuga, choncho muyezo ukhale wapakati, ndipo mazira ndi mtedza ndi zimene zidzawasunge osamva njala mpaka masana. Tiyi abwere mu fulasiki wopanda shuga, mkaka ukhale padera. Phala likathiridwa mu bakuli lotsekeka bwino likadali lotentha, bakulilo n'kukulungidwa mu chitenje n'kuikidwa m'kadengu pakati pa miyendo ya wokhala mpando wakumbuyo, limafika ku bwalo la ndege likufuka nthunzi. Musaiwale masupuni, makapu, kabotolo ka madzi osamba m'manja ndi kasopo, ndi kathaulo. Mahewu a m'mabotolo ndi Mazoe, zimene ana adzafuna kugawana ndi agogo awo, zili ndi shuga wambiri. Zisungidwe ngati chothandizira shuga akatsika, pamodzi ndi maswiti angapo m'chikwama chawo cha m'manja.

Malo odyera ndi galimoto yanu yomwe, pamalo oimika magalimoto a pabwalopo, amene ndi olipira, kapena pa mipando ya m'holo imene aliyense amaloledwa kulowa. Nyumba ya maulendo a m'dziko muno ndi ya maulendo akunja zili moyandikana, choncho simudzafunika kutuluka pa geti la bwalo. Harare ali pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo mu June ndi July m'mawa kumazizira zolasa m'mafupa, kotero bulangeti laling'ono la pamiyendo lidzathandiza. Mu October vuto ndi dzuwa, ndipo muyenera kufunafuna mthunzi. Ngati kwanu mumasunga mwambo wakuti mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi, dongosololi likupatsani mpata wabwino: mukapereka moni ndi kulongedza masutikesi, tengani ana mukawaonetse nsanja yoongolera ndege, imene inamangidwa motengera nsanja yamiyala ya ku Great Zimbabwe, mayi ndi mwana wawo atsale akudya ndi kukambirana zawo momasuka. Ana akabwerako adzakhala ndi maola awiri athunthu pamiyendo ya agogo awo, nthawi yochuluka kuposa imene akanaipeza kunyumba.

Mwina tsikulo kuphika sikungatheke. Zikatero, malo oyamba kuyang'ana ndi m'kati mwa bwalo momwemo. Bwaloli linakulitsidwa ndi ngongole ya madola 153 miliyoni a ku America yochokera ku China Exim Bank, ndipo mbali yatsopano inatsegulidwa mu July 2023. Muli malo ogulitsa tiyi, khofi, masangweji ndi chakudya chophika, koma mitengo ndi yokwera kuposa ya m'tauni, monga zimakhalira pa mabwalo onse a ndege. Itanitsani mazira ndi tositi ya buledi wa bulawuni, muwauze kuti asathire shuga mu tiyi, ndipo musanalipire funsani kuti chakudyacho chitenga mphindi zingati. Kumbukiraninso kuti malo odyera amene ali kupitirira pofufuza katundu ndi a okwera ndege okha. Mayiwo akangodutsa pamenepo, inu simungathenso kukhala nawo, choncho adyere mbali ya kuno.

Mukafuna kutulukako pang'ono, malire anu akhale Hatfield, dera limene msewu wa ku bwalo la ndege umadutsamo mukangopitirira chipilala chokumbukira ufulu chimene chinatambalala pamwamba pa msewuwo. Ku Hatfield kuli nyumba zambiri zogona alendo zimene zimadalira anthu apandege, ndipo zina zimalola munthu wosagona kudya kadzutsa ngati wadziwitsiratu. Imbani foni dzulo lake, osati m'mawa womwewo. Funsani ngati amalandira anthu ongodzadya, nthawi imene amasiya kuphika kadzutsa, mtengo wa munthu mmodzi, ndiponso ngati ali ndi jenereta kapena gasi magetsi akazima, chifukwa kukhala mphindi 40 mukudikira dzira limodzi kumawononga dongosolo lonse. Ubwino wa malo otere ndi wakuti muli chimbudzi chaukhondo ndi mpando wofewa, ndipo kubwerera ku bwalo ndi ulendo wa mphindi zochepa wosadutsa m'tauni.

Malo a chakudya chofulumira monga Chicken Inn ndi Bakers Inn, amene amapezeka m'madera ambiri a Harare, makamaka pa malo omwetsera mafuta, angathandize achinyamata, koma tchipisi, mapayi ndi mabanzi otsekemera si kadzutsa wa wodwala shuga. Kuli bwino kulowa mu supamaketi ngati OK, TM Pick n Pay kapena Spar n'kugula buledi wa bulawuni, chiponde, mkaka wowawasa wa Lacto, maapozi ndi madzi a m'botolo. Mahotela akuluakulu, monga Hyatt Regency (imene kale inkatchedwa Meikles) moyang'anana ndi Africa Unity Square, Holiday Inn mu Samora Machel Avenue kapena Cresta Lodge cha ku Msasa, amakonza kadzutsa wodzitengera wekha wokhala ndi zosankha zambiri, koma kawirikawiri amachotsa mbale cha m'ma 10 koloko, mtengo wake ndi waukulu kwa banja lonse, ndipo mukhala mwalowanso m'chipwirikiti cha magalimoto. Malo odyera a ku Avondale, ku Newlands ndi ku Sam Levy's Village ku Borrowdale, kumene anthu amakonda kudya chakudya chophatikiza kadzutsa ndi nkhomaliro cha m'ma 11 koloko, ali kumpoto, tsidya lina la mzinda. Amenewo ndi a munthu amene ali ndi tsiku lonse, osati apongozi anu.

Za chakudya cha m'mbali mwa msewu ndinene mosamala, chifukwa amayi ambiri amene amagulitsa mazira owiritsa, mbatata ndi chimanga chootcha ndi abale athu ndipo amagwira ntchito yawo mwaukhondo. Vuto ndi madzi a mumzinda uno. Harare anavutika ndi kolera mu 2008, mu 2018 pamene matendawa anayambira ku Glen View ndi ku Budiriro, ndiponso mu 2023 ndi 2024. Munthu wachikulire wodwala shuga akatsegula m'mimba ali pa ulendo, thupi limatha madzi msanga ndipo shuga amasokonekera. Choncho adye chokhacho chimene chaphikidwa ndipo chikadali chotentha, kapena chipatso chimene asenda okha, ndipo amwe madzi owiritsa kapena a m'botolo losatsegulidwa. Zipatso zodulidwa kale, saladi ndi zakumwa zoundana za m'mapepala azisiye.

Pa ndalama, inu okhala kuno mukudziwa kale, koma owerenga ochokera ku Malawi amve. Kwacha sigula kanthu mu Harare, ndipo Airtel Money ndi Mpamba sizilipira pa kauntala ya kuno. Ndalama ya dziko lino ndi ZiG, imene inayamba mu April 2024, koma dola ya ku America ndi imene imalandiridwa paliponse, ndipo vuto lake ndi chenje. Mukapereka madola 20 pogula tiyi, mungaime nthawi yaitali wogulitsa akuzungulira kwa anzake, kapena angakupempheni kuti mutengeko china m'malo mwa chenje. Nyamulani mapepala a dola imodzi ndi a madola 5 osang'ambika. Makadi a Visa ndi Mastercard amagwira m'malo ambiri akuluakulu, koma netiweki ikadula makinawo amangoti zii, ndipo musadalire khadi lokha. Apongozi anu muwapatse madola angapo ang'onoang'ono m'manja, kuti akadutsa pofufuza katundu athe kugula madzi.

Kwa wowerenga amene akudutsa mu Harare yekha, wopanda mbale womuchingamira, muyezo wanga ndi uwu: ngati pakati pa ndege ziwiri pali maola osakwana 4, musatuluke pa bwalo. Mwini pasipoti ya Malawi safunika viza kuti alowe mu Zimbabwe, koma wochokera kunja amene akufuna kukadya panja ayenerabe kudinditsa pasipoti polowa, n'kudzaimanso pa mizere yonse pobwerera. Amene ali ndi pasipoti ya dziko lina afufuziretu, chifukwa ena amalipira viza. Mukatuluka, kwerani takisi ya pabwalo kapena itanani galimoto kudzera pa pulogalamu ya pa foni ya inDrive, mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo ngati n'kotheka dalaivala yemweyo akudikireni kapena akupatseni nambala yake. Timagalimoto ta mushikashika, timene timanyamula anthu popanda chilolezo, si ta munthu amene ali ndi pasipoti ndi tikiti m'thumba. Wotchi musaisinthe, chifukwa nthawi ya Harare ndi ya Lilongwe ndi imodzi.

Tibwerere kwa apongozi anu, pa mphindi zotsanzikana. Pofufuza katundu wa m'manja salola zakumwa zopitirira mamililita 100 pa botolo, choncho fulasiki ya tiyi ndi botolo la madzi zibwerere nanu ku Mufakose. Chakudya chouma chimadutsa, ndipo ndi bwino kuwakulungira sangweji ya dzira kapena ya chiponde ndi mtedza wokazinga, popeza nthawi ya nkhomaliro idzawapeza ali pa geti ndipo ndege ikhoza kuchedwa. Mankhwala onse, kamakina koyezera shuga ndi buku la kuchipatala zikhale m'chikwama cha m'manja, osati mu sutikesi, chifukwa sutikesi imatha kusochera, ndipo insulin imawonongeka ikazizira kapena kutentha mopitirira. Ngati amabaya jakisoni, kalata ya dokotala imathandiza kuti masingano adutse popanda mafunso ambiri. Ngati miyendo imawavuta, pemphani njinga ya olumala ku makampani onse awiri kutatsala masiku awiri. Ntchitoyi salipiritsa, ndipo wowakankhayo amawaperekeza mpaka pa khomo la ndege, kumene inu simungafike.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, imbirani foni alamu anu ku Bulawayo. Muwauze kuti kadzutsa adzakhala akudikira ku Harare cha m'ma hafu pasiti 8, mufunse mtundu wa mankhwala amene mayi amamwa ndi nthawi imene amamwera, ndipo mugwirizane kuti asachoke m'nyumba m'mimba muli pululu, alaweko ngakhale kagawo ka buledi ndi tiyi. Ngati pakufunika kusuntha nthawi ya mankhwala kuti igwirizane ndi kadzutsa wa ku Harare, zimenezo afunse namwino kapena dokotala amene amawaona, asasinthe okha. Muwapemphenso alamuwo kuti akutumizireni uthenga ndege ikangonyamuka ku Bulawayo, koma inu munyamuke ku Mufakose 7 koloko isanakwane, kuti mayi akamatuluka ndi masutikesi awo apeze muli kale pakhomo lotulukira.